Kalata kwa oyang'anira chikhalidwe: jazi wathu ali m'chigubu cha mafuta

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe, akuluakulu a MBC, a bungwe loteteza maufulu a oimba ndi olemba la COSOMA, ndi inu a komishoni ya UNESCO kuno kwathu,

Ndakupatsani moni nonsenu. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo pa ukalamba wanga uno sindinkaganiza kuti ndidzalembera kalata anthu a maudindo ngati inu. Chandikakamiza ndi banjo ya malemu amalume anga, imene yakhala pa msomali kuchipinda kwanga zaka zambirimbiri. Mwezi watha mdzukulu wanga anaitsitsa, n'kundifunsa kuti, "Agogo, chigubuchi mukuchifunabe? Ndikufuna ndidule matayala a galimoto yanga ya mawaya." Sindinamukalipire. Mwanayo akanadziwa bwanji kuti chigubu chadzimbiricho chinkachezetsa anthu usiku wonse pa zikwati ndi pa masadaka, pamene kusukulu, pa wailesi ngakhale pa kanema palibe amene anamuuzapo?

Pa 30 April chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku la nyimbo za jazi. UNESCO inalikhazikitsa mu 2011, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2012. Kuno kwathu ukatchula jazi, ambiri amaganiza za hotelo Lamulungu masana, anthu ovala bwino atakhala pa kapinga, wina akuliza sakisofoni chapansipansi kuti asasokoneze odya. Zimenezo sindidana nazo, ndipo anyamata amene amaimba kumeneko ndi akatswiri ndithu. Chondiwawa n'chakuti tavomera kuti jazi ndi wa eni ndalama, wobwera pa ndege, pamene ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 tikudziwa kuti mawu amenewa anali a kumudzi. Gulu lililonse la anyamata atatu kapena anayi okhala ndi banjo, ng'oma ndi chisekese linkadzitcha Jazz Band. Ambiri ankatenga dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo. Amalume ndi anzawo analemba dzina lawo ndi penti wofiira pa ng'oma yaikulu, zilembo zina zitatembenuka, chifukwa wolembayo analekeza sukulu mu Sitandade 2.

Njira imene jazi anadzera kuti afike kwathu ndi yaitali, koma si yachilendo kwa aliyense amene m'banja mwake munali wopita ku Joni. Nyimbozi zinabadwira ku New Orleans, ku America, pakati pa zidzukulu za Aafirika amene anagwidwa ukapolo. Mbale yoyamba ya jazi inajambulidwa mu 1917. Mbalezo zitafika ku Johannesburg ndi ku Bulawayo, anthu akuda a m'makomboni anazisakaniza ndi zawo, n'kutulukamo marabi, kenako kwela ya tizitoliro tachitsulo imene Spokes Mashiyane anatchuka nayo. Ndipo sikuti zinkangochoka uko kubwera kuno ayi. Nyimbo ya Skokiaan, imene anapeka August Musarurwa ku Bulawayo, katswiri wa jazi wa ku America Louis Armstrong mwiniwake anaijambula mu 1954. Pakati pa zonsezi panali anthu athu. Anali m'migodi, m'makhitchini a azungu, m'mafamu a fodya ku Rhodesia. Ray Phiri, woliza gitala wa gulu la Stimela, amene anaimba ndi Paul Simon pa chimbale cha Graceland, bambo ake anali ochokera kuno. Dzina lokhalo likunena.

Amalume anapita pa Wenela. Pobwera anali ndi sutikesi yachitsulo, jekete, njinga ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja, pamodzi ndi mbale zochepa zimene anazikulunga m'bulangeti ngati mazira. Mbalezo zinasweka imodziimodzi, masingano anatha, koma nyimbo zinali zitalowa kale m'makutu. Gitala ya m'sitolo panalibe woikwanitsa, ndiye anapanga zawo. Ndinkaonerera ndili mwana. Ankatenga chigubu cha mafuta a galimoto, n'kuchiboola, n'kulowetsamo mtengo woupala bwino ndi mpeni. Nsambo zinali waya wa mabuleki a njinga, woumasula kamodzikamodzi. Zokungira anazisema okha, ndipo zikamaterera ankazinyowetsa ndi malovu. Kabesi kake kanali babatoni, chimtengo chachitali cholowa m'ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, chokhala ndi waya umodzi wochotsa m'tayala. Woliza ankachikhalira, dzanja lina likumenya waya, lina likuyendetsa botolo pamwamba pake kuti mawu akwere kapena atsike. Kukachita chinyezi ankayamba awamba chikopacho pamoto wa mapesi. Ife ana ntchito yathu inali yosonkhezera motowo, ndipo malipiro athu anali kuloledwa kukhala kutsogolo.

Ndikudziwa kuti ena ophunzira adzati, "Aphunzitsi, zimenezo si jazi, ndi nyimbo za makolo chabe zimene anthu anazipatsa dzina lolakwika." Ndiwayankhe. Kodi mtima wa jazi n'chiyani? Pansi pamakhala kanyimbo kafupi kozungulirazungulira, kobwerera pomwe kanayambira, ndipo pamwamba pake woimba amapeka pomwepo, osachita kulemba, osachita kuloweza. Wina akaponya mawu, chida chimamuyankha. Amalume sankaliza nyimbo imodzi mofanana kawiri. Lero aitambasula chifukwa ovina atenthedwa, mawa aidula chifukwa mwini mowa wakwiya. Pena ankasiya mawu onse, n'kuilola banjo kuti iyankhule yokha, ikutsalira dala m'mbuyo mwa ng'oma kenako n'kuipeza, anthu n'kukuwa. Patapita zaka zambiri, nditamva mbale za ku America kwa mnzanga wina mu Blantyre, sindinamve chachilendo. Zida zinali zonyezimira, inde, koma kachitidwe kake ndinali nditakaona kale pabwalo la kwathu.

Ngati mawu a mphunzitsi wa pulayimale sakukwana, funsani ku Chileka. M'mudzi wa Singano ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba. Banja lawo linakhalako ku Salisbury, kumene lero tikuti Harare, ndipo anabwerako ndi kwela m'zala. Mu 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre ali anyamata, n'kuyamba kuwajambula. Daniel ankaliza gitala mwa njira yakeyake, moti womvera pa wailesi ankaganiza kuti akuliza anthu awiri. Donald ankaliza chitoliro monga amachitira eni kwela, kuchilowetsa chopendeka m'kamwa mpaka chikhudze tsaya, kuti mawu atuluke onenepa ndi opindika, osati oonda ngati a wezulo. Awiriwa ankaliza nyimbo za sinjonjo, simanjemanje, lumba. Anakaimba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, ndipo Donald anakaphunzitsako ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku America. Kubik walemba mabuku pa za ubale wa nyimbo za ku Afirika ndi jazi, ndipo a Kachamba ali momwemo. Choncho wophunzira wa ku Vienna akhoza kukuuzani za Daniel Kachamba, koma wophunzira wa Fomu 4 wa pa Lunzu, pamtunda woyenda pa njinga kuchokera ku Singano, mwina sanamvepo n'komwe dzinalo.

Daniel anamwalira mu 1987. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku America inagwirizana chimodzi chonena kuti jazi ndi chuma chosowa cha dziko lawo, choyenera kusungidwa ndi kuphunzitsidwa. Sindikuti Aamerika anachitira chilungamo oimba awo akuda, mbiri yawo pa nkhani imeneyo ndi yochititsa manyazi. Koma penapake anafika povomera pagulu kuti chinthu chobadwira m'makomboni a anthu onyozeka ndicho chawadziwitsa ku dziko lonse. Ife sitinafikepo. Donald anatsatira mkulu wake mu 2001. Chimene chasunga mbiri yawo kwambiri ndi khama la anthu ochepa, monga Dr Moya Malamusi, amene anaimba nawo ndipo wakhala akusonkhanitsa zida ndi nyimbo komweko ku Chileka, ndi achinyamata amene anapitiriza gulu la kwela la Donald.

Nanga Alan Namoko? Munthu wosaona, wa ku Thyolo, ndi banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band. Mawu ake okhakhala aja, akuimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe za umasiye ndi umphawi, amene anawamvapo pa wailesi m'mawa akukonzekera kupita kumunda sangawaiwale. Anamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40. Kuti nyimbo zake zituluke pa chimbale chomveka kunja, zinatengera Mmalawi wokhala ku Scotland, Dr John Lwanda, ndi kampani yake yaing'ono ya Pamtondo. Namoko ndi amene dzina lake linamveka. Kumbuyo kwake kuli magulu ambirimbiri a m'midzi ya ku Mulanje, Chiradzulu, Ntcheu, Dedza, amene anajambulidwa kamodzi kapena kawiri, nyimbo yawo n'kumaulutsidwa zaka, eni ake n'kufa ali ndi khasu m'manja.

Apa ndi pamene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pali changu. Kuyambira pamene MBC inayamba mu 1964, kwa zaka pafupifupi 30 inali wailesi yokhayo m'dziko muno, ndipo woimba wofuna kumveka ankapita kumeneko. Ndiye kuti mawu a mbadwo wonse wa oimba ali pa matepi. Tepi si mwala. Imachita nkhungu, imamatana, imafufutika, ndipo makina oiwerengera akusowa chaka ndi chaka, pamodzi ndi amisiri odziwa kuwakonza. Ndikunena zimene ndinaziona ndi maso m'nyumba mwanga. Msuweni wanga anajambulapo gulu la amalume pa kaseti, tsiku la chikwati cha mlongo wathu. Kasetiyo ndinaisunga m'sutikesi yomwe ija ya ku Joni, ndikuti ndasamala. Nditaitulutsa patapita zaka, mkati munali mbuu. Ndinaipukusa ndi bolopeni, ndinaipukuta ndi thonje, ndinabwereka wailesi ya kaseti kwa munthu wina wokonza mawotchi. Inalira pang'ono chabe, mawu a amalume akumveka ngati ali pansi pa madzi, kenako tepi inakulungana m'makina n'kuduka. Ndinapita nayo ku ofesi ina mumzinda kumene ndinauzidwa kuti angandithandize. Wa pakhomo ananditumiza kuchipinda china, a m'chipindamo anati woona zimenezo ali ku msonkhano kunyanja, ndibwere sabata yamawa. Ndinapitako katatu. Ulendo wachitatu ndalama ya minibasi inandithera, ndipo kasetiyo ndinangoibweza m'sutikesi.

Imeneyo ndi kaseti imodzi ya banja limodzi, dziko silingagwe nayo. Koma zimene zinaichitikira zikhoza kuchitikira tepi iliyonse. Pempho langa loyamba, ndipo likanakhala lokhalo ndikanakhutira, n'lakuti tepi iliyonse ya oimba akale isamutsidwire pa kompyuta, ilembedwe dzina la gulu, mudzi ndi chaka, ndipo makope asungidwe malo angapo, kuphatikizapo ku National Archives ku Zomba. Ngati ntchitoyi inayambika kale, tiuzeni pamene yafika, ndipo mutsegule khomo. Kusunga nyimbo m'kabati yokhoma sikusiyana kwenikweni ndi kuitaya. Mdzukulu wa woimba azitha kufika, kutchula dzina la agogo ake, n'kuwamva. Mphunzitsi azitha kutenga nyimbo khumi pa foni kukaphunzitsira. Ndipo fulumirani kufunsa okalamba amene atsala, chifukwa tepi ikhoza kupulumuka koma wodziwa kuti woliza babatoni pa nyimbo imeneyo anali yani n'kukhala atapita.

Palinso mawu athu amene ali kunja. Hugh Tracey anayendayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, ndipo zimene anajambula zili ku International Library of African Music ku Makhanda, ku South Africa. Zambiri za Kubik zili ku Vienna. Sindikuwanena kuti anaba, pakuti akanapanda iwo bwenzi zambiri zitapita ndi mphepo. Koma masiku ano kupempha makope sikufuna sitima yapamadzi. Kumafuna kalata yochokera ku ofesi ngati yanu, a Nduna, ndi munthu mmodzi woilondola mpaka yankho libwere.

Kwa inu a COSOMA ndili ndi funso la ndalama. Mwakhalapo kuyambira 1992, ndipo masiku ano timamva kuti mumagawa ndalama kwa oimba, kuphatikizapo zochokera pa zipangizo zosungira nyimbo. Achinyamata a m'tauni amadziwa kulembetsa, amadziwa khomo lolowera. Nanga mkazi wamasiye wa woliza banjo wa kuseri kwa phiri, amene nyimbo ya mwamuna wake imalirabe pa wailesi pa mapulogalamu a nyimbo zakale, adziwa bwanji kuti pali chake? Iye sadzabwera kwa inu. Tumani anthu apite kwa mafumu ndi mndandanda wa mayina a magulu, afunse kuti ana a uje ali kuti. Mafumu amadziwa.

Za sukulu ndinene monga munthu amene wagwira choko moyo wake wonse. Tili ndi phunziro la Expressive Arts m'mapulayimale, koma kawirikawiri limathera pa bolodi. Ana amalemba m'makope kuti zida zoimbira zili m'magulu akutiakuti, n'kuloweza, n'kukhoza mayeso, asanagwirepo chida n'chimodzi chomwe. Ine ndemwe ndinaphunzitsapo choncho, ndipo ndikuchita nazo manyazi. Chonsecho pafupi ndi sukulu zambiri pali mkulu wina wodziwa kupanga banjo ndi zinthu za kudzala. Kumuitana kawiri pa teremu, n'kumupatsa kangachepe, sikungagwetse bajeti ya unduna. Mwana amene wapanga chida ndi manja ake, n'kuphunzira kupeka kanyimbo pamwamba pa anzake akuliza, waphunzira kumvetsera, kudikira nthawi yake, ndi kulimba mtima polakwa pagulu n'kukonza pomwepo. Amene akufuna kupitirira apo apeze njira yofikira ku Music Crossroads ku Lilongwe kapena ku yunivesite ku Zomba. Ndipo muganizireko za msonkho wa zida zoimbira. Lipenga, sakisofoni ndi piyano sitipanga kuno, ndipo mtengo wake ukafika m'sitolo umakhala woti mwana wa mlimi angoziona pagalasi.

Musaganize kuti ndikulira maliro a chinthu chakufa. Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, anaonetsa kuti munthu akhoza kutenga nyimbo za Chitumbuka, ndi kamvekedwe ka ng'oma za kumpoto, n'kuziveka jazi wa pamwamba popanda kuzichotsa fungo la kwawo. Erik Paliani analiza gitala ndi woliza lipenga wotchuka wa ku South Africa, Hugh Masekela, mpaka kumukonzera chimbale. Anyamata awiri a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinayi ndi babatoni, anthu akuwaponyera makobili. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo akhala akuzungulira ku Ulaya, azungu akuvina mpaka thukuta kamukamu. Babatoni yomwe ija ife timaiyesa chizindikiro cha umphawi. Zimandiseketsa, komanso zimandimvetsa chisoni, kuti mpaka lero woimba wathu amayamba watamandidwa kunja kuti ife timuone.

Achinyamata a masiku ano amene akupanga nyimbo pa kompyuta si adani a nkhaniyi. Ndimawamva adzukulu anga akuliza amapiano a ku South Africa, ndipo ndimangoti mbiri ikubwereza, pakuti agogo awo nawonso anatengera za ku Joni. Kusiyana kwake n'kwakuti agogowo anazipotoza mpaka zinakhala zathu, chifukwa anali ndi zawo m'mimba zoti asakanize nazo. Mnyamata wa lero mukamutsegulira matepi aja adzapezamo kalizidwe ka banjo, kayankhidwe ka mawu, kagundidwe ka ng'oma, zimene sangazipeze pa intaneti kwina kulikonse, ndipo adzapanga nazo chinthu chimene ine sindingachiganize. Mwina sindidzachikonda n'komwe. Amalume nawonso akulu a mpingo ankawanena kuti akuliza nyimbo za mowa.

Kwa inu a komishoni ya UNESCO, ndikuyamikeni kaye. Gule wamkulu, vimbuza, tchopa, mwinoghe, ngakhale nsima, zonsezi zinalembedwa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lapansi, ndipo mbira kapena kuti sansi tinalembetsa pamodzi ndi anzathu a ku Zimbabwe mu 2020. Ndiye kuti njira mukuidziwa. Kodi jazi wa banjo ndi babatoni walakwa chiyani? Kapena chifukwa alibe mtundu umodzi womuyankhulira, poti ndi wa Alomwe, Amang'anja, Achewa, Ayao ndi Angoni onse pamodzi? Kapena chifukwa zida zake ndi za kudzala, zosaoneka bwino pa chithunzi? Ngakhale zolembetsazo zitatenga zaka, pa 30 April pokha mukhoza kuchitapo kanthu chaka chino. Tsikulo lisathere mu hotelo mokha. Mutengere ku Chileka, ku Ndirande kwa gulu loimba la Kasambwe Brothers, kapena pa bwalo la sukulu ku Thyolo, muike woliza sakisofoni wa m'tauni pambali pa mkulu wa banjo, muwasiye apezane okha. Ndipo muwalipire onse mofanana, ndalama osati mbale ya mpunga ndi Fanta, monga ndinaonera pa mwambo wina pamene gulu la kumudzi linaimba dzuwa lonse n'kubwerera wapansi.

A MBC, ola limodzi pa sabata, nthawi imene anthu ali maso, osati pakati pa usiku. Muulutse nyimbozo ndi mbiri yake, mutchule mayina a oliza, mupemphe omvera amene akudziwa abale awo kuti aimbe foni. Mudzadabwa ndi anthu amene adzayankhe.

Banjo ya amalume sindinamupatse mdzukulu uja kuti aidule. Ndamuuza kuti Loweruka lino tiikonza. Waya wa mabuleki ndagula kale kwa wokonza njinga pa msika, ndipo pali mkulu wina kutsidya kwa mtsinje, womaliza mwa anzawo a amalume, amene wavomera kubwera kudzatikungira, ngakhale zala zake zayamba kunjenjemera. Tidzamujambula pa foni. Tsiku limene mudzatsegule malo osungirako zinthu zotere, mudzalengeze pa wailesi, ndidzabwera nazo ndekha pa minibasi, banjoyo pamodzi ndi kaseti yoduka ija, mwina amisiri anu angathe kuilumikiza.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Thyolo